Nkhani ya Chilengedwe Iyambire pa Mafuwa



Pa misonkhano yathu tinazolowera kukamba za mitengo ya zokolola, masikelo a mavenda ndi feteleza. Lero komiti yatituma kuti tikambe za pakhomo: nkhuni, phulusa, zinyalala ndi majumbo. Tikuona abambo ena ayamba kale kuyang'ana kukhomo poganiza kuti iyi ndi nkhani ya amayi. Khalani pansi abambo, chifukwa ndalama zimene tikambe pano zimatuluka m'thumba mwanu momwemo.

Mawu akuti kusamalira chilengedwe afika potitopetsa, tisabise. Timawamva pa wailesi, timawawerenga pa malaya a alendo obwera pa galimoto zazikulu, ndipo kawirikawiri amabwera ndi chala choloza ife, kuti mlimi ndiye akutha mitengo. Chalacho tichiyankha tisanakhale pansi. Koma tiyeni tikumbutsane kaye zimene taona ndi maso athu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina inasanduka mchenga wokhawokha. Anthu oposa 600 anafa, enanso oposa 500 sanapezeke. Chaka chotsatira, 2024, kunagwa ng'amba mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Utsi umene wasokoneza nyengo chonchi unachokera m'mafakitale a maiko olemera. Komabe madzi osefukira akabwera safunsa kuti wolakwa ndani, amangotenga munda umene aupeza uli pambalambanda. Kafukufuku wa boma pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 hekitala imodzi inkataya nthaka pafupifupi matani 29 pachaka. Muwerengere m'matumba a makilogalamu 50: ndi matumba 580 a nthaka ya pamwamba, ya chonde ija, kupita kumtsinje. Ndani mwa ife angalole wakuba kusenza matumba 580 m'munda mwake iye ali chete?

Tiyambe ndi mafuwa. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 pa mabanja 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mafuwa atatu ali ndi ubwino umodzi, sagulidwa. Vuto lake ndi lakuti moto wa pa mafuwa umathawira mbali zonse. Mphepo ikawomba malawi amapita kwina, mphika n'kumangodikira, kotero kuti mtolo umene mayi wasenza kuchokera kuphiri umathera kutenthetsa bwalo. Mbaula ya dothi imene timaitcha Chitetezo imatsekera motowo mkati n'kuulunjikitsa pansi pa mphika. Imaumbidwa ndi dothi la mtapo n'kuotchedwa, ndipo siifuna zipika. Timitengo, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zimakwanira. Ku Nkhata Bay bungwe la RIPPLE Africa linafalitsa ina yotchedwa Changu Changu Moto, yomanga ndi zidina ndi dothi m'khitchini momwemo, ya malo awiri, ndiwo uku nsima uku. Boma linadziikira cholinga choti pofika 2020 mbaula zosawononga nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni, ndipo zambiri zinafikadi m'midzi.

Funso ndi lakuti mbaulazo zili kuti lero. Ena mwa ife tinagwirapo ntchito ya ulangizi, tayenda m'makomo ambiri, ndipo tapeza Chitetezo ikuikiriramo nkhuku, ina yasanduka mpando wa agogo pakhonde. Mukafunsa amayi amayankha zomveka. Amati mphika waukulu sukhalapo bwino, amati m'mwezi wa Juni ana amafuna kuotha moto, amatinso nkhuni zake zimafuna kuwaza pamene bambo ali ku bawo. Palibe akukulamulani kutaya mafuwa. Asungeni kuti agwire ntchito pa maliro, pa chinkhoswe ndi pophika thobwa. Koma phala la m'mawa, ndiwo ndi nsima ya masiku onse ziphikidwe pa mbaula. Ndipo inu abambo, nkhwangwa ndi yanu. Nkhuni zowaza bwino ndi zouma zimayaka msanga, zaziwisi zimathera mphamvu yake kuumitsa madzi ali mkatimo, n'chifukwa chake zimafuka kwambiri.

Palinso tizinthu tina timene sitifuna ndalama ngakhale tambala. Vindikirani mphika. Nyemba ziviikeni usiku, zidzapsa msanga m'mawa. Mukatha kuphika sololani zikuni n'kuzizimitsa m'malo mozisiya zikunyeka mpaka madzulo. Nyemba zikawira bwinobwino kwa mphindi 30, mutha kuphula mphikawo uli chivindikirire, kuuika m'dengu lodzaza nsanza kapena masamba ouma a nthochi, n'kufunditsa pamwamba. Pitani kumunda. Pobwera mupeza zapsa zokha ndi kutentha komwe kuja.

Pa nkhani ya utsi tinene zoona zake. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zake n'kutuluka mu 2016, anapeza kuti mbaula zamakono kwambiri kuposa Chitetezo sizinachepetse chibayo mwa ana aang'ono. Choncho wina asakunamizeni kuti mbaula ndi mankhwala a chifuwa. Khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pansi pa denga woti utsi uzitulukira, ndipo khanda lisakhale kumsana pamene mayi akuuzira moto.

Tsopano nkhunizo zichokere kuti? Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo ndi nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amabwera, amabzala mbande imodzi, amajambulidwa, amasamba m'manja n'kubwerera. Pofika Okutobala mbuzi, chiswe ndi moto zatha ntchito yake. Timamva chiwerengero cha mitengo yobzalidwa, koma cha mitengo yopulumuka sichimveka kawirikawiri. Pamene m'minda mwathu muli nazale imene sitinailipire, ndiyo zitsa. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chili ndi mizu yakale yozama, sichifuna kuthirira, ndipo chiswe sichichivutitsa ngati mbande ya m'chubu. Chikaphukira musachitenthe. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo sadzani. Pakatha zaka zochepa mudzayamba kudula nthambi za nkhuni mtengo uli chiimire.

Mtengo wa nsangu ndiye bwenzi lenileni la chimanga. Mitengo ina yonse imavala masamba m'dzinja, koma nsangu imayoyola masamba ake mvula ikayamba, kotero siphimba mbewu, ndipo masambawo amawolera pomwepo n'kusanduka chonde. M'chilimwe imapereka mthunzi ndi nyemba zodya ziweto. Amene mwadutsa ku Salima kapena ku Golomoti mwaona nokha mmene chimanga chimabiriwirira pansi pake. Gliricidia nayo imadyetsa nthaka ndipo ukaidula imaphukanso. Nanga nandolo? Anzathu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kumene minda ndi yaing'ono ngati mphasa, anadziwa kalekale kuti mbewu imodzi yomweyi ndi ndiwo, ndi ndalama, ndi manyowa, ndiponso ikauma ndi nkhuni za miyezi ingapo.

Abambo ena a chikamwini amati, ndibzalirenji mitengo pamudzi pa eni, mawa akhoza kundithamangitsa. Tamva. Koma ana amene adzadye mango amenewo ndi anu omwe, ndipo mkazi amene akuyenda maola atatu kukafuna nkhuni ndi wanu yemwe.

Mafumu athu, pano tikupempha makutu anu. Mukayenda m'midzi yambiri lero, nkhalango yokhayo imene yatsala ndi ya kumanda. Kulibe mlonda, kulibe mpanda, koma palibe amalowako ndi nkhwangwa. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la kumeneko aliyense amalidziwa, ndipo mfumu siliona nkhope. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola mudzi kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi, yoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo. Mphamvu imene ikusunga mitengo ya kumanda ikhoza kusunganso phiri ndi magombe a mtsinje, mutafuna.

Tibwere ku phulusa ndi zinyalala, pakuti apa ndi pamene pagona ndalama. Mu 2005, pamene makuponi ankayamba, mlimi ankalipira K950 pa thumba la feteleza. Mu 2020 pa AIP tinalipira K4,495, mu 2022 inafika K15,000, ndipo ambiri mwa ife maina athu sanatuluke n'komwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mu 2025 thumba logula pa sitolo linali litadutsa K100,000. Feteleza ameneyu amachokera kunja, amalowera ku Beira ndi ku Nacala, amagulidwa ndi madola amene dziko lathu lilibe. Bungwe lathu lipitiriza kumenyera mtengo wabwino. Koma pamene tikulira ndi mtengowo, m'mwezi wa Ogasiti timayang'anira mapesi athu akupsa. Anyamata atentha munda wonse pofuna mbewa zodzaza kambale kamodzi. Sitidana ndi mbewa, ndi ndiwo yabwino, koma akumbe ndi khasu ngati kale. Mapesi amene apsawo akanaphimba nthaka, kusunga chinyezi pa nthawi ya ng'amba, ndi kuchepetsa mphamvu ya madontho a mvula imene imagumula mizere. Mudzi umene ulibe lamulo la moto ndi la ziweto zongoyendayenda m'chilimwe, ulimi wa mleranthaka sungatheke, ngakhale mlangizi ataphunzitsa chaka chonse.

Pakhomo pakhale maenje awiri. Lina la zinthu zowola: makoko, zotsalira za ndiwo, masamba osesa pabwalo, zitosi za nkhuku, phulusa. Lina la zosawola. Ambiri timasakaniza, kenaka timathira moto, ndiye kuti taotcha manyowa ndipo tapuma utsi wa pulasitiki nthawi imodzi. Manyowa a mulu kapangidwe kake mukukadziwa, kaya ndi a chimato, a changu kapena a m'dzenje: mapesi oduladula pansi, masamba aawisi, ndowe, phulusa pang'ono, dothi, madzi, n'kubwerezanso. Zikani ndodo pakati. Mukaisolola patapita masiku angapo n'kupeza yatentha, ntchito ikuyenda. Ikakhala yozizira, madzi achepa kapena zaziwisi zachepa. Chimene chimatilepheretsa ndi nthawi. Timakumbukira manyowa mu Okutobala mitambo itayamba kuda, pamene amafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti apse. Nthawi yake ndi yongotha kukolola, udzu ukadali wauwisi ndipo madzi akadali pafupi.

Za manyowa a Mbeya tiimepo pang'ono, chifukwa atchuka kwambiri. Timasakaniza makilogalamu 10 a feteleza wa m'sitolo ndi gaga, ndowe, phulusa ndi madzi, n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Ndi njira yothandiza, ndipo ife timailimbikitsa, chifukwa ndowe ndi gaga zimabwezera nthaka zimene feteleza payekha sangabwezere. Koma mawu akuti thumba limodzi labala matumba asanu amasocheretsa. Mchere wa m'feteleza uja suswana m'thumbamo. Thumba la Mbeya silingafanane mphamvu ndi thumba la urea, ndiye mukathira ndi kakapu komwe kaja pa phando, chimanga chidzachita chikasu ndipo mudzati alangizi anatinamiza. Onjezani muyezo. Phulusanso lisachuluke. Fungo lolasa m'mphuno limene mumamva pomasula thumba ndi chakudya cha mbewu chimene chikuthawira mumlengalenga. Ndipo wina asadzaime pa nsanja n'kunena kuti alimi safunanso thandizo la feteleza poti ali ndi Mbeya.

Majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale. Ngakhale zinali choncho milandu inapitirira kwa zaka zina, majumbo ali mbwee m'misika. Mmodzi mwa anthu amene analimbana nayo nkhaniyi ndi mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Chinawadzutsa ndi mbuzi za alimi zimene zinkafa zitadya majumbo. Amene munaphapo mbuzi yowonda popanda chifukwa n'kupeza chimpira cha mapulasitiki m'chifu mukudziwa zimene tikunena. Mbuzi imodzi ndi fizi ya mwana. Popita kumsika tengani dengu kapena kathumba kosoka ndi chitenje chakale. Musakolezere moto ndi jumbo, ndipo musavindikire mbatata kapena chinangwa ndi pulasitiki pophika, masamba a nthochi alipo. Mabatire otha a tochi asalowe m'dzenje la manyowa.

Choopsa kuposa jumbo ndi botolo la mankhwala a mbewu. Tapeza m'makomo ena mabotolo amene munali mankhwala opopera thonje kapena tomato akusungiramo mchere ndi mafuta ophikira. Botolo lotere litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya momwemo, kenaka libooleni kuti wina asadzaligwiritsenso ntchito. Musatsukire sipuleya kumtsinje kapena pa mjigo. Posunga chimanga, matumba a PICS amapha anankafumbwe powamana mpweya, popanda kuthira mankhwala, ndipo mukawasamala kuti asabooke amagwira ntchito zaka zingapo. Kalabu ikagula pamodzi mtengo umatsikako. Za masikito ogonamo amene asanduka ukonde wa nsomba ndi mpanda wa mbande sitinenapo zambiri, eni ake adzimva okha.

Madzi otsukira mbale ndi osamba alunjikitseni pa phando la nthochi kapena papaya kuseri kwa bafa. Otayika pa mjigo akhoza kuthirira dimba la komiti m'malo mosanduka chithaphwi cha udzudzu. Kumunda, akalozera, ngonyeka ndi udzu wa vetiva ndi nkhani imene tinaphunzira kale, yangotsala kuichita.

Tsopano tiyankhe chala chija. Makala ambiri saphikira kumudzi. Matumba amene mumaona pa njinga m'bandakucha ndi pa malole usiku amapita ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Pa kalembera wa 2018 nyumba zokhala ndi magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndipo ngakhale okhala ndi magetsiwo ambiri amaphikira makala chifukwa cha mtengo ndi kuzimazima. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mbaula za makala zinayaka m'nyumba za mabwana momwe. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi akumwa a mzinda wa Lilongwe. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwanso, zilango zinakula. Zonsezi sitikutsutsa. Tikungofunsa kuti bwanji wogwidwa amakhala mnyamata wa njinga, pamene lole yodzaza matumba imadutsa zipata zonse za pamsewu mpaka kufika mumzinda? Mnyamata uja amaotcha makala chifukwa chimanga chinamuthera mu Novembala. Mwini lole ndiye amamanga nyumba. Mu 2018 kunatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu, koma mauvuni m'mbali mwa mizinda sanazime. Ngati boma likufunadi mitengo, litsitse mtengo wa gasi ndi magetsi ophikira m'tauni, ndipo lamulo ligwire wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Chachiwiri ndi alangizi. Ku Maputo mu 2003 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuika 10 pa 100 iliyonse ya bajeti ku ulimi. Dziko lathu lakhala likufikapo pa muyezowu zaka zambiri, koma gawo lalikulu limathera pa feteleza wotsika mtengo, n'kusiya ulangizi uli ndi njala. Mlangizi mmodzi akuyang'anira mabanja oposa 1,000, kwina alibe ngakhale njinga yabwino, masekishoni ena alibe mlangizi n'komwe. Zonse takambazi, manyowa, zitsa, akalozera, zimafuna munthu woti afike pamunda n'kuonetsa ndi manja. Tikakumana ndi aphungu athu ndi makhansala, tiwafunse kuti m'dera lawo muli masekishoni angati opanda mlangizi, ndipo achitapo chiyani.

Chomaliza ndi chatsopano, ndipo atsogoleri a makalabu mumvetsetse. Masiku ano kukubwera mabungwe ndi makampani ogawa mbaula kapena mbande mwaulere, n'kulemba maina, kujambula nyumba ndi kusainitsa mapepala. Ambiri mwa iwo amagulitsa kunja chimene amati kaboni. Kunena mwachidule, makampani a kunja amene amatulutsa utsi wambiri amalipira ndalama chifukwa choti inu mwachepetsa nkhuni kapena mwasunga mitengo. Malondawo pawokha si oipa, ndipo mbaulayo ilandireni. Koma amene akuphika pa mbaulayo tsiku ndi tsiku ndi mayi wa m'mudzi, amene akulondera mtengowo ndi inu. Musasaine pepala limene simunalimve. Pemphani kuti aliwerenge m'Chichewa pamaso pa mfumu ndi komiti, funsani kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, ukukuletsani chiyani pa munda wanu, ndipo pa ndalama zimene zidzabwere mudzi udzapezapo zingati. Akakana kuyankha, tidziwitseni ku ofesi ya bungwe.

Alembi a makalabu, pa msonkhano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi kope lolembamo zinthu zitatu za mamembala ake: mbaula zimene zikuphikiradi, milu ya manyowa imene yapangidwa, ndi mitengo imene ili moyo, kuphatikizapo zitsa zosamalidwa. Musalembe zongosangalatsa komiti, tidzayendera makomo ena mwadzidzidzi. Ziwerengero zimenezo tidzapita nazo ku khonsolo bajeti ya boma isanakambidwe, pamodzi ndi maina a masekishoni opanda alangizi.